Mpando Woti Ndisakhudze Mkamwini

Lolemba, folo koloko madzulo, pakhonde panga ku Bangwe

Ndakhala pansi kulemba lero Lolemba, folo koloko itangokwana pa wailesi ya a Matilida, aneba anga ogulitsa tomato. Kope ndatola la mdzukulu wanga Tadala, lotsala masamba kumapeto. Sukulu ndinalekezera sitandade 3, ndiye zilembo zikapendama zipendame. Chimene chapendama kwambiri ndi mutu wangawu.

Foni yalira m'mawa. Aginesi, mwana wa achemwali anga a Felesita, kumudzi ku Livunzu. Akuti, "Amayi aang'ono, odwala akuti mubwere sabata ino isanathe. Akufuna kukuonani ndi maso, zapafoni akana."

Achemwali anga! Amene anandibereka kumsana amayi athu atatisiya. M'mimba mwathu tatsala awiri basi. Ndipita, ngakhale chokwawa.

Koma mvula yadula msewu kupitirira Thabwa. Maminibasi akubwererera panjira. Zikudutsa ndi njinga zamoto zokha. Ine ndikuti ndikakwera kabaza wa komweko. Rozina, mwana wanga wamkazi, akukana kwamtuwagalu: "Ndi chiuno chanucho, amayi, simukwera ya munthu wosamudziwa. Bambo a Tadala akutengani pa yawo Loweruka, kuchokera pano mpaka pakhomo."

Bambo a Tadala! Mkamwini wanga!

Mwana ameneyu ndinamubereka ine kapena anandisinthira kuchipatala? Kwathu mpongozi ndi mkamwini sagundana mapewa, sadyera mbale imodzi, sayang'anana m'maso. Chikwatireni mwana wanga, dzina lawo silinatulukepo pakamwa panga. Tili pa poloti imodzi, koma mawu onse amadzera mwa Rozina. Tikakumana pakanjira ka kubafa, iwo amalowa m'nthochi, ine ndimayang'ana kumwamba ngati ndikufuna khwangwala. Ulemu umenewo! Ndiye lero ndikakhale kumbuyo kwawo ngati chikwama?

Bambo a Tadala atapita kukasamba ndakazonda njingayo. Mayo ine. Mpando wong'ambika, womata ndi selotepi wakuda, siponji inatha kalekale, chitsulo chikusuzumira. Choipa koposa, wapendekera kutsogolo. Ndaikapo lalanje kuti ndione. Lagubuduka mpaka pathanki, osaima n'komwe.

Msewu wa ku Chikwawa ndi wotsetsereka wokhawokha. Lalanje limenelo ndine.

Basi, tigula mpando wina. Ndikuufuna:
wofewa, chiunochi si cha mtsikana;
wautali, pakati pa ine ndi iwo pazidutsa mphepo;
wosapendekera;
wokhala ndi kamtumbira pakati, ngati malire a munda.

Zinayi zokha. Ndapempha zambiri ngati?

Lachiwiri, masana

Ku Limbe ndi Rozina. Lalanje lili m'chikwama.

Shopu ya zipangizo za njinga. Mipando yapachikidwa pakhoma ngati milamba youma. Mwini shopu, chimimba kutsogolo, akutsitsa woyamba. "Uwu ndi wa sipoti, agogo." Wopyapyala ngati lilime la galu! Ndikhalepo ndi mbali iti? Ine Mulungu anandipatsa zokhalira, sanaumire.

Wachiwiri akuti m'kati muli jelo, zinthu zofewa ngati mafuta odzola. Ndikufunsa kuti ukaphulika panjira? Ndikafike kwa odwala nditanona ngati chitumbuwa? Akuseka. Ine sindikuseka.

Wachitatu wautali, wa anyamata onyamula anthu atatu nthawi imodzi. Ndauika pakauntala, ndaikapo lalanje. Layenda pang'ono, laima. Anthu ayamba kusonkhana, akuyesa ndikuombeza.

Ndiye mwini shopu, mokweza, anthu onse akumva: "Agogo, mpando uliwonse akamanga buleki mumasendera ndithu. Mankhwala ake n'kumugwira m'chiuno woyendetsayo. Muzimukumbatira basi!"

Rozina akunong'ona, "Ndi mkamwini wawo."

Shopu yonse zii. Mkulu wina amene amagula tcheni wavula chipewa. "Pepani, mayi," akutero, ngati pamaliro. Yekhayo ndiye analeredwa.

Tagula wautaliwo.

Lachiwiri lomwelo, dzuwa likulowa

Sukukwana!

Mabowo a mabawuti sakukumana. Bambo a Tadala atembenuza uku, atembenuza uku, sipanala ili pakamwa. Kenaka aima, ayang'ana khoma la nyumba yanga, akuti, "Rozina, uwauze amayi kuti mpandowu ndi wa njinga ya mtundu wina."

Rozina ali kubafa. Ine ndili pompo, ndamva zonse. Tangokhala, iwo akuyang'ana khoma, ine ndikuyang'ana nkhuku, mpaka Rozina watuluka ndi thaulo kumutu kudzandiuza zimene ndamva kale. Ndipo ndadabwa bwinobwino, monga mwa mwambo.

Lachitatu

Kushopu akana kubweza. Ati wakandika ndi sipanala. Chimimba chija chikukana chikundiyang'ana m'maso. Ndamuuza mawu awiri atatu. Sindilemba, Lamulungu ndikufuna kulandira Ukaristia.

Ndiye ku Ndirande. Kumeneko ukawapatsa chithunzi cha ndege, madzulo ukaipeza ikuuma penti. Tanyamula mipando yonse iwiri, wakale woyezera mabowo, watsopano woti aukonze.

Mmisiri wa masofa, kuseri kwa msika, magalasi omanga ndi ulusi. Ndamufotokozera zonse. Sanaseke. Wagwedeza mutu. "Inenso ndili ndi apongozi, mayi. Amakhala ku Machinjiri, ine ndimadzera ku Chirimba. Ndikumangirani mpanda weniweni."

Munthu wanzeru alipo m'tauni muno!

Waboola mabowo atsopano. Wasenda chikopa cha mpando watsopano uja ine ndikuona, mtima wanga phaa, chinthu chogula dzulo! Wadula siponji ya matilesi, wasanjika, wamata ndi guluu, wasanjikanso. Akufunsa, "Ndiwonjezere?" Ndikuti wonjezerani. Akufunsanso. Ndikuti bambo, ulendo ndi wautali, wonjezerani. Pakati waumbapo chimtumbira chonga cha mbatata. Wakuta ndi chikopa chofiira chonyezimira, chotsala pa sofa ya munthu wina, mabatani ake omwe.

Abale! Mpando wa bishopu!

Ndaikapo lalanje. Lakhala phee, ngati lalipira lendi.

Ndausenza pamutu kuchokera pasiteji mpaka kunyumba. A Matilida pabenchi pawo: "Mwagula sofa ya munthu mmodzi, agogo? Alendo azikhala mosinthana?" Nsanje. Munthu wogona pamphasa sangamvetse.

Wakale uja ndauponya m'khola la nkhuku. Zikhalepo zimene zilibe mkamwini.

Lachinayi

Ndilemba pang'onopang'ono.

M'mawa aumanga. Mabawuti alowa onse. Njinga ikuoneka ngati ikupita ku ukwati. Ndalamula kuti ayambe ayesa ndi Rozina kumbuyo, ine ndionerere pakhonde.

Chinthu chimodzi sindinachiganize. Ine, Rozina, mmisiri wa magalasi uja, tonse. Bambo a Tadala ndi aafupi. Ndikanadziwa bwanji kufupika kwawo, munthu sindinamuyang'anepo bwinobwino? Ndimadziwa nsapato zawo ndi msana wawo ukulowa m'nthochi, basi.

Akwera chodumphira. Miyendo lendelende. Rozina wakwera, aliza, anyamuka bwinobwino. Pageti galu wadutsa. Amanga buleki. Phazi likufuna pansi. Pansi palibe! Likufunafuna m'malere ngati la mwana ali pa mpando wa kutchalitchi. Njinga ikupendama, pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati nthochi yodulidwa, mpaka pabenchi la a Matilida. Khuu!

Ndathamanga, chitenje m'manja. Rozina kofiira, mkamwini kofiira, pansi pofiira. Ndayamba kulira maliro, ndaitana oyera onse amene ndikuwadziwa maina. Ndapha ana anga ndi siponji!

Ndi tomato.

Palibe wathyoka. Galasi limodzi la njinga lasweka, chigongono cha Rozina chasupuka. Koma pakamwa pa a Matilida sipanasupuke. "Bwerani mudzaone! Apongozi akupha mkamwini ndi sofa!" Afika a pachigayo, a pamjigo, ngakhale wometa tsitsi wa pamsewu wasiya mutu wa munthu theka. Pofika masana nkhani yafika ku Namiyango, ndipo kumeneko akuti ndinachita kuukhwimira mpandowo.

Tomato yense tamutenga ife. Tidya tomato mpaka Khirisimasi.

Bambo a Tadala lero sanapite kukanyamula anthu. Tsiku lathera kuwongola chiwongolero. Ndimadikira kuti akalipe, ndipeze poyambira. Ayi. Ayang'ana khoma lija, akuti, "Rozina, uwauze amayi asadandaule. Mpando ndi wabwino. Yalakwa ndi miyendo yangayi."

Munthu kumangokhala wabwino chonchi, ukamuyambe bwanji?

Madzulo ndatenga mpeni wa buledi. Ndatumbula chikopa kutsogolo, ndasenga siponji mbali yawo kuti miyendo ifike. Ndisoka mawa kukawala. Ndausiya panja guluu apite mphepo.

Lachisanu, m'mawa

Mvula. Yagwa mbandakucha ine ndili m'tulo ngati mwala.

Ndauyang'ana mpando, pamwamba pouma bwinobwino. Ndati ndiuyese ndekha njinga ili chiimire pa sitandi, anthu asanadzuke. Ndakwerera pa ndowa. Ndakhala.

Fwaaa!

Siponji yamwa mvula yonse ya Bangwe, ndipo yandibwezera ine ndekha. Madzi m'chitenje, madzi m'miyendo, madzi akuchucha mpaka m'mapatapata.

Nthawi yomweyo pageti: "Odi!" Amayi a kumphakati wa kutchalitchi kwathu, atavala zoyera, abwera kudzandipempherera ulendo. Andipeza pamwamba pa njinga ya mkamwini, mwendo uku mwendo uku, pansi pali chithaphwi. Amayi apampando atsitsa maso. Akuti, "Ukalamba ndi choncho, agogo, musachite manyazi. Kuchipatala amathandiza."

Ndikuti ndi mvula! Onse akugwedeza mitu mwachifundo. Apemphera nthawi yaitali, ndipo pemphero lakhudza zinthu zimene sindinapemphe.

A Matilida aonera pampanda. Ndamva akuitana wina.

Lachisanu, masana

Taufinya mpando ine ndi Rozina, taupondaponda, tauyanika padenga. Dzuwa kulibe. Ukulemera ngati mwana wa ng'ombe. Mabatani awiri athothoka. Wayamba kununkha ngati galu wonyowa.

Nzeru ina: tibwezere wakale, koma pakati tiikepo thumba la ufa ndi shuga zopita kwa odwala, likhale malire. Tayesa. Thumba lawakankhira bambo a Tadala pathanki, mawondo kuchiwongolero, ngati chule. Njinga siikhota. Tachotsa.

Pilo? Akuterera. Dengu? Likundibaya pamimba. Rozina akuti, "Amayi, mwatsala pang'ono kunena kuti timange khoma la njerwa." Ndamufunsa ngati simenti yatsika mtengo. Sanaseke. Inenso sindimaseka. Wakale uja ndaubwezanso m'khola.

Kenaka foni. Aginesi. Mawu ake atsika. Akuti kuyambira dzulo odwala akukana phala. Akuti njinga iliyonse ikalira kumsewu akudzutsa mutu: "Ndi iyeyo?"

Ndakhala pansi pomwepo, pamatope.

Sabata yonse ine ndili pa siponji. Mkulu wanga akumvetsera msewu.

Ndalowa ndekha m'khola. Nkhuku yaikira kale dzira pampando wakale uja, ndipo yandijompha pochotsa. Ndaupukuta, ndaupereka kwa Rozina. "Uwauze bambo a Tadala amange. Tinyamuka kukacha."

Rozina wabwera ndi thalauzi lake, ati ndivale m'kati mwa chitenje. Thalauzi! Pa msinkhu uno! Ndalandira. Mphamvu zodabwira zandithera.

Loweruka, madzulo, ku Livunzu

Ndafika. Zala sizikugwira bwino cholembera, chifukwa chake mumva.

Tanyamuka kutacha. Chipewa cha njinga chandimeza mutu ndi duku lomwe. Rozina watsala pageti, ndiye kuti pakamwa pathu patsala pageti. Ndagwira kaliyala kumbuyo ndi manja onse, msana chagada, pakati pathu mpata woti mwana n'kukhalapo. Limbe tadutsa. Nancholi tadutsa. Chadzunda. Ndikuti ee, kani n'zotheka! Chitsulo chija chikundidya, koma ulemu uli wonse.

Kupitirira Madziabango dziko latha. Msewu wangoweramira pansi. Kutali uko Shire akunyezimira ngati ulusi, ndipo pakati pa ife ndi iye palibe chilichonse koma mphepo.

Buleki yoyamba. Ndasendera. Chipewa changa pa chipewa chawo, go! "Pepani," ndauza phiri. "Zikomo," iwo ayankha phiri lomwelo.

Ndabwerera m'mbuyo. Buleki yachiwiri, go! Yachitatu, go! Tikupepesa phiri pakona iliyonse. Manja atuluka thukuta, kaliyala ikuterera.

Ndiye pakona ina yokhota ngati chigongono, chilole chikukwera chadya mbali yathu, mbuzi zili pakati, kumanzere phompho. Amanga buleki yeniyeni.

Sindikudziwa amene anauza manja anga. Ndangopezeka ndawakumbatira, nkhope pamsana, ndikukuwa, "Fanuwelo! Fanuwelo mwana wanga, usandiphe!"

Dzina! Latuluka lonse, kawiri, mapiri abwereza kachitatu.

Lole yadutsa. Mbuzi zadutsa. Tili moyo. Ndikufuna kuchotsa manja, ndiye ndikumva mawu, osapita kukhoma, osapita kuphiri, obwera kwa ine: "Gwirani zolimba, amayi. Musasiye. Kutsogoloku n'koipa."

Sindinasiye.

Ndipo ndapeza chinthu. Munthuyu ndi nthiti zokhazokha! Zonse zikuwerengeka pansi pa jekete. Rozina amamupatsa chiyani? Zaka zonsezi ine ndikusunga ulemu, mwana wa eni akuuma pa poloti yanga! Tikabwerera ndikamufunsa bwino mtsikana ameneyu.

Kuchokera pa Thabwa matope, maenje, mitsinje iwiri yowoloka madzi ali m'maondo. Za mpando sindinazikumbukenso. Kaya ndi wofewa kaya ndi wolimba, funsani wina.

Talowa m'mudzi anthu ali panja. Njinga yaima pakhomo. Manja akana kutseguka! Zala zauma, zalukana pamimba pa mkamwini ngati mfundo. Mudzi wonse ukuona: azilamu, adzukulu, akuluakulu a mpingo amene abwera kudzazonda odwala. Aginesi akumasula chala chimodzichimodzi. Fanuwelo wangoyang'ana mtengo wa bwemba ngati akuuwerenga masamba.

Pakhonde, pamphasa, kamunthu kakang'ono m'bulangete. Achemwali. Atha, mayo, atsala maso okha. Adzutsa mutu, atiyang'ana. Ndiye phwii, kuseka! Kuseka mpaka kutsokomola, misozi mbwee. "Iwe! Ndinati ubwere msanga, sindinati ubwere utakwatira mkamwini!"

Ndagwada pamphasa, ndawagwira dzanja. Ndikulira, iwo akuseka. Kenaka akuti, "Aginesi, phala lija lilipo? Kuseka kwandipatsa njala."

Amwa theka la kapu.

Zodabwitsa sizinathere pomwepo. Dzuwa litapendeka kwabwera mwamuna wa Aginesi, mkamwini wawo. Wawerama, wawanyamula achemwali m'manja ngati khanda, iwo amukoleka dzanja m'khosi, walowa nawo m'nyumba. Pakamwa panga yasaa. Achemwali amene anandiphunzitsa ine kuthawira m'tchire ndikaona mkamwini!

Andiona. Akuti, "Tseka pakamwa, mulowa ntchentche. Miyendo itandikana, amandinyamula ndi awa. Ukufuna andinyamule ndi ulemu?"

Lamulungu

Thupi lonse likuwawa. Ndikukhala chammbali ngati mphika wosweka. Kutchalitchi ndaima Misa yonse, anthu akuyesa kudzipereka.

Achemwali amwanso phala m'mawa. Sindidzinamiza, sachira. Koma tacheza, takumbutsana amayi, andiuza zimene amafuna kundiuza. Zimenezo sizilowa m'kope muno. Ndawaona ndi maso, iwonso andiona. Ndikanadikira siponji iume, kaya.

Lalanje lija ndalipeza m'chikwama, lafewa ndi maulendo. Ndalisenda. Gawo lina achemwali, lina ine. Lotsala ndayang'ana uku ndi uku, Rozina woti apereke kulibe. Ndangotambasula dzanja. "Fanuwelo, kwaya. Wawonda." Walandira ndi manja awiri, akuyang'ana pansi, makutu ake akuseka.

Rozina akuti pafoni mpando wofiira wagwa kuchokera padenga, nkhuku yaulanda kale. Ikhalepo. Pa tonsefe, bishopu ndi iyeyo.

Tinyamuka tikadya. Ndimadzitonthoza kuti pobwerera ndi chitunda, sindisenderanso kutsogolo, ulemu ubwerera m'malo mwake. Fanuwelo wakhosomola, wayang'ana bwemba uja, kenaka wayang'ana ine. Akuti, "Amayi, pokwera munthu amasendera kumbuyo. Kumbuyoko kulibe kanthu. Ndiye mugwire kuposa dzulo."

Chabwino. Ndigwira. Tikalowa mu Bangwe chomwecho, dzuwa lili pamutu, a Matilida ali pabenchi.

Iwe amene watola kopeli, ukatha kuwerenga usaliike pansi pa matilesi. Upatsire mayi wina amene mkamwini wake ali ndi njinga yamoto, nayenso apatsire mnzake. Umuuze asavutike ndi ku Ndirande, angodya bwino, avale thalauzi, agwire zolimba. A Matilida okha usawapatse. Amenewo akhala atadzionera okha.